Kodi zinki ya ku Kabwe imateteza bwanji mapaipi a pansi pa nyanja?

Funso: Bambo anga ankagwira ntchito mumgodi kuno ku Kabwe. Ankati zinki imateteza mapaipi a pansi pa nyanja kuti asachite dzimbiri. Kodi n'zoona? Nanga nzeruyi inayamba bwanji? (Wowerenga, Kabwe)

Yankho: Bambo anu ankanena zoona. Zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa m'madzi amchere, pamabadwa magetsi ochepa, ndipo chimodzi chimadyeka chinzake n'kupulumuka. Zinki ndiyo imadyeka, paipi n'kutsala bwinobwino. Akatswiri amatcha njirayi cathodic protection, ndipo chidutswa chodyekacho amati anode.

Anayambitsa ndi Humphry Davy wa ku England mu 1824. Zombo zankhondo za Britain zinkakutidwa ndi mkuwa kunsi, koma mchere wa m'nyanja unkaudya. Davy atakhomerapo tizidutswa ta zinki ndi chitsulo, mkuwawo unaleka kudyeka. Komatu panabuka vuto lina. Mkuwa ukamasungunuka pang'onopang'ono umaletsa ndere ndi tinkhono kumera. Utaleka, zinthuzi zinakangamira kunsi kwa zombo n'kumazichedwetsa. Njirayi inasiyidwa, n'kudzatchukanso patapita zaka pafupifupi 100, pa mapaipi a gasi ku America.

Luso lenileni lili pa malo oyika ma anode. Paipi imayamba yakutidwa kuti madzi asaikhudze, koma chokutiracho chimakalika, makamaka polumikizira. Choncho amaiveka ma anode ngati zibangili, masiku ano ambiri a aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, n'kuwalumikiza kupaipi ndi waya wowotcherera. Kawirikawiri satalikirana kuposa mamita 300, chifukwa akatalikitsa, pakati pamatsala posatetezedwa. Kukula kwake amawerengeratu molingana ndi zaka zimene paipiyo idzagwire ntchito, poti kukasintha pansi pa nyanja n'kodula zedi.

Mapaipi aatali okwiriridwa m'nthaka, onga a mafuta a TAZAMA amene anamalizidwa mu 1968 ndipo ndi otalika makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, nthawi zambiri amatetezedwa ndi magetsi ochokera ku makina.

Mgodi wa ku Kabwe wa Broken Hill, kumene miyala ya zinki ndi mtovu inapezeka mu 1902, unatsekedwa mu 1994. Zinki inapita kunja, koma mtovu unatsala m'dothi la ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo ukudwalitsa ana mpaka lero. Ngati muli ndi ana kumeneko, chonde kawayezetseni magazi kuchipatala.