Mapu Akale a ku Chilwa

David Livingstone atafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859, nyanjayi inayamba kulembedwa m'mapu a ku Ulaya ndi dzina loti Shirwa. Masiku ano amalonda a zinthu zakale ku London amagulitsa mapu oterewa kwa anthu amene amawapachika pakhoma.

Ife a ku Likangala tiziwawerenga mosamala. Kuyambira 1892, Harry Johnston ankapereka zikalata za malo kwa azungu, ndipo mizere ya papepala inasanduka malire a maesiteti m'dera la Zomba ndi ku Magomero. Midzi imene inagwera mkati mwa mizereyo inadzayamba kugwira thangata. Wojambula analemba mitsinje ndi mapiri bwino lomwe, koma minda ndi manda a makolo athu sanazionetse.