Za Nyumba ya Mandala

Ife a kunyanja kuno dzina la Mandala tilidziwa chifukwa cha masitolo ndi munda wa mphira wa ku Vizara, koma ochepa ndiwo adziwa nyumba imene inayamba kutchedwa dzinalo. Kampani ya African Lakes inayambika ku Glasgow m'chaka cha 1878, ndipo oyang'anira ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso. Anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linagwera nyumba ndi kampani yomwe.

Nyumbayo anaimanga ku Blantyre m'chaka cha 1882, pamene malowo anali tchire ndi minda. Njerwa zake nzosaotcha, zouma ndi dzuwa, zomangidwa ndi dothi. Komabe ili ndi chipinda chapamwamba. Chimene chaisunga ndi khonde lalikulu lotchinga makoma, pakuti mvula ikamenya chidina, chimasungunuka. Amisiri athu amene anyoza zidina, namanga nyumba zopanda khonde, akaione.

Lero boma liiteteza monga chikumbutso cha dziko, ndipo pamwamba pake a Society of Malawi asungapo mabuku akale.