Mpweya wa m'mphuno womwe kale ankauyesa utsi woipa

Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, tikambe za mpweya womwe mphuno zanu zikupanga panopa pomwe mukuwerenga, wotchedwa nitric oxide.

Joseph Priestley wa ku England anaufufuza mu 1772, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 unkadziwika ngati chinthu choipa chopezeka mu utsi. Mu 1980, Robert Furchgott ku New York, poyesa mitsempha ya akalulu, anaona kuti mkati mwa mtsempha mumatuluka chinachake choufewetsa. Pofika 1987 zinatsimikizika kuti ndi mpweya womwewu. Mu 1998 Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel. Salvador Moncada, yemwe anagwiranso ntchito yaikulu, anamusiya, ndipo kunena zoona sizinali bwino.

Za mphuno zinatulukira ku Stockholm. Mu 1991 Lars Gustafsson anaupeza mu mpweya womwe timatulutsa. Mu 1995 Jon Lundberg ndi anzake anaonetsa kuti wambiri umapangidwa m'timapanga ta m'mafupa a nkhope, ma sinus aja. Mukapumira m'mphuno mumautenga n'kuutsitsira m'mapapo. Kupumira m'kamwa kumaulambalala.

Nanga mavairasi? Kafukufuku wa 1993 anaonetsa kuti chitetezo cha thupi chikadzuka, maselo amapanga wochuluka, ndipo umalepheretsa mavairasi ena kuswana. Umasokoneza mapuloteni omwe vairasi imadalira pochulukana, komanso umafulumizitsa timaubweya ta m'njira ya mpweya tomwe timasesa mamina pamodzi ndi tizilombo. Pa mliri wa SARS, madokotala ku Beijing anapumitsa odwala ochepa mpweyawu ndipo okosijeni m'magazi mwawo anakwera. Mu 2005 asayansi a ku Sweden anaona kuti umachepetsa kuswana kwa vairasi ya SARS m'labu.

Apa ndiye pofunika kusamala, abale. Za m'labu si za pabedi la wodwala. Nthawi ya COVID-19 anauyesanso: okosijeni ankakwera, koma sizinatsimikizike kuti umachepetsa imfa. Mu 2002 Lundberg ndi Eddie Weitzberg anapeza kuti kung'ung'uza nyimbo pakamwa potseka kumauchulukitsa m'mphuno ka 15, koma musamvere okuuzani kuti zimenezi zimachiza chimfine kapena kulowa m'malo mwa katemera. Ntchito yake yodziwika bwino m'chipatala ndi yothandiza makanda omwe mitsempha ya m'mapapo mwawo sinatseguke bwino atabadwa, ndipo ku America anauvomereza pa ntchitoyi mu 1999.