Amayi a Mvano ndi Mapiri a Blantyre



Pa chikondwerero ngati chino timakonda kukumbukira amayi amene anatitsogolera mu Mvano, misonkhano ikuluikulu imene tinapitako, ndi odwala amene tinawayendera. Zimenezo anzathu alemba pa masamba ena. Koma ilipo mbiri ina imene sipezeka kawirikawiri m'mabuku a mlembi, chonsecho mayi aliyense wa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri akuidziwa bwino, pakuti anaisenza pankhata. Imeneyi ndi mbiri ya nkhuni ndi madzi, ndiponso ya mapiri amene atizinga.

Mishoni ya Blantyre inayamba mu Okutobala 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, pa malo amene anasankha Bambo Henry Henderson. Malowo anali okwera, ozizira bwino, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri, monga Mudi, inali pafupi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, ndipo njerwa zake anaumba pomwepo naziwotcha ndi nkhuni. Tsono tiona kuti mzinda uno unayamba kudya mitengo kalekale. Koma anthu anali ochepa, ndipo chitsa chikatsala chinali ndi nthawi yophukanso.

Dera lililonse lili ndi phiri lake. A ku Chilomoni ali ndi Michiru, a ku Zingwangwa ali ndi Soche, a ku Bangwe ali ndi phiri la Bangwe ndi Mpingwe, ndipo phiri la Ndirande likusamala anthu a ku Ndirande mbali ino ndi a ku Machinjiri kuseri kwake. Agogo athu amasimba za njala ya 1949, pamene mvula inadula ndipo chimanga chinauma m'minda ya kuno ku Blantyre. Abambo ambiri anapita kutali kukafuna chakudya, ena osabwerako. Amayi anatsala ndi ana, nalowa m'thengo kukakumba mipama ndi mizu ina. Thengo linali nkhokwe yachiwiri ya munthu wosauka. Pa chilala cha 2024, mayi wa m'tauni muno analibenso thengo lothawirako.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu anachuluka m'tauni kudzafuna ntchito ku mafakitale a ku Makata ndi ku Limbe. Nyumba zinayamba kukwera m'mphepete mwa mapiri. Masiku amenewo amayi ankalawira m'mamawa kukwera phiri ali mndandanda, nkhata m'manja, natsika dzuwa litakwera ndi mitolo yaitali kuposa iwo eni. Alonda a nkhalango ankalola nkhuni zouma zokha. Wopezeka akudula mtengo wauwisi ankalandidwa nkhwangwa, mwinanso kutengeredwa kupolisi. Pa 21 Januwale 1976 boma linayambitsa tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse, ndipo ana a sukulu, amayi a mipingo ndi anthu apantchito ankatuluka chaka ndi chaka ndi mbande m'manja. Cha m'ma 1986 kunadza ntchito ina, ya chithandizo cha dziko la Norway, yobzala bulugamu m'madera ozungulira Blantyre kuti anthu a m'tauni azipeza nkhuni.

Zonsezi zinali zabwino, koma chinasowa chinthu chimodzi. Aliyense ankati mitengo ija ndi ya boma. Phiri linkasungidwa ndi mantha, ndipo mantha sakhalitsa. Itafika nthawi ya referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mantha aja anatha, ndipo m'zaka zochepa phiri la Ndirande linametedwa mpala. Paini anagwa, mitengo yachilengedwe inagwa, zitsa zinazulidwa, m'malo mwake munalowa minda ya chimanga. Ufulu wolankhula ndi wosankha timauyamika ndithu, ndipo sitikufuna kubwerera m'mbuyo. Tikungonena zimene maso athu anaona. Mapiri enawo anatsatira pang'onopang'ono, ndipo Michiru, amene anapirira nthawi yaitali, nayenso walowedwa ndi nkhwangwa.

Woyamba kumva ululu wake anali mayi. Dothi lotsika m'phiri la Ndirande linayamba kukwirira damu la Mudi. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera kutali ku mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho. Magetsi akathima, mipope imauma, ndipo ndowa zimafola pa kiyosiki usiku. Nkhuni zitatha pafupi, tauni inatembenukira ku makala, amene anyamata amakankha panjinga kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza kudzera pa Zalewa. Motero nsima yophikidwa ku Bangwe imagwetsa mtengo m'boma lina, kwa anthu amene sitinawaonepo.

Nayo nyengo inasintha. Kale chizimalupsa chikagwa mu Okutobala tinkadziwa kuti tikonzeke, ndipo mu Novembala mbewu zinkalowa m'nthaka. Tsopano mvula imachedwa, ikabwera imagwa yamwezi wonse pa masiku awiri, kenaka n'kusowa. Odziwa za nyengo amatiuza kuti utsi wa malasha, mafuta a galimoto ndi mafakitale, makamaka a maiko olemera, ukutenthetsa dziko lapansi. Nyanja yaikulu ikatentha, anamondwe amanyamula madzi ambiri. Ife a Malawi utsi wathu ndi wochepa kwambiri, koma mvulayo imatipeza ndi mapiri osavala. Mu Januwale 2015 madzi anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena. Mu Malichi 2019 kunadza Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri ngakhale okhala ndi magetsi m'nyumba anabwerera ku mbaula.

Koma Freddy ndiye sitidzamuiwala. Namondwe ameneyu anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nayenda panyanja ndi pamtunda masabata oposa asanu. Atafika kuno mvula inagwa usana ndi usiku osakata. Pa 13 Malichi phiri la Soche linagumuka. Matope, madzi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinatsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ali m'nyumba zawo. Mabanja ena anapita onse, osatsala ndi mmodzi wolira maliro. Anthu ankakumba matope ndi makasu ndi manja kufuna abale awo. Nyumba ya chisoni ya pa chipatala cha Queen Elizabeth inadzaza. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira. Zonsezi zinatigwera matenda a kolera ali kale pakati pathu.

Masiku amenewo amayi a mipingo anachita ntchito imene amaidziwa. Anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo amayi anapita ndi zitenje, mabulangete, ufa, ndowa ndi sopo. Ena anaphika phala la ana pa mafuwa, mvula ikugwa, nkhuni zili zonyowa. Ena anasambitsa mitembo, ena anachezera kuimba pa maliro a anthu osawadziwa maina. Panalibe wofunsa kuti kodi inu ndinu a mpingo uti. A Mvano, a Dorika, a Chikatolika, a Anglikani ndi amayi achisilamu ankavundula mphika umodzi. Mwana wolira chifukwa cha njala sayang'ana mtundu wa yunifolomu.

Pali anthu amene amati ovutikawo anadziputira okha pomanga nyumba m'phiri. Mau amenewa ndi opepuka kwa munthu wokhala m'nyumba ya mpanda. Mayi wamasiye wogulitsa mandasi samanga pa chiphedi chifukwa chokonda kuona mzinda kuchokera pamwamba. Amamanga pamenepo chifukwa lendi ya kumunsi sangaikwanitse. Ena mwa iwo timakhala nawo benchi limodzi Lamulungu. Tinenenso zoona kuti mvula ngati ijayi mitengo yokha sikanaletsa chilichonse, pakuti mapiri anagumukanso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Komabe mizu imagwira dothi, ndipo masamba ogwa amachedwetsa madzi kuti alowe pansi. Phiri lopanda mtengo limataya madzi onse nthawi imodzi, ngati denga la malata.

Amayi amene anatiphunzitsa Mvano ankati wodwala timamuyendera akali moyo, sitidikira kuti tikaonekere pa maliro ake. Chiphunzitso chimenechi ndicho chatitsegula maso pa nkhani ino. Kuphika pa msasa wa anthu othawa madzi ndi ntchito ya chifundo, koma imadza zinthu zitaonongeka kale. Buku la Genesis, mutu 2, limatikumbutsa kuti ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa inali yosamala munda. Ndipo pakuti makala ndi nkhuni zimathera kukhitchini, mayi ali ndi mau aakulu kuposa mmene amaganizira. Mbaula ya dothi ija ya chitetezo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndipo utsi wake suvutitsa maso ndi chifuwa kwambiri. Nyemba zoviika madzulo zimapsa msanga m'mawa. Mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zimaphika ndiwo. Majumbo otayidwa m'ngalande ndiwo amatseka njira ya madzi ku Mudi, ku Nasolo ndi ku Naperi, madziwo n'kulowa m'nyumba za anthu. Izi ndi zinthu zazing'ono, ndipo sizidzaletsa utsi wa maiko akutali, koma zili m'manja mwathu. Ku Kenya, Mayi Wangari Maathai anayamba mu 1977 kubzala mitengo ndi amayi wamba a kumudzi, ndipo mu 2004 dziko lonse lapansi linawalemekeza ndi mphoto ya Nobel.

Chovuta chachikulu chili pa kusamala. Tsiku lija la 21 Januwale linakula, ndipo tsopano nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Chaka chilichonse mipingo, masukulu ndi makampani amakwera mapiri ndi mbande, kujambulitsa zithunzi, kuimba nyimbo, n'kutsika. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, moto wa osaka mbewa ukuyaka ndipo mbuzi zili paliponse, kuphiri kuja sikuonekanso munthu. Mitengo yonse imene yabzalidwa kuyambira 1976 ikanaphuka, bwenzi lero tikusowa poponda ku Ndirande. Mbande ili ngati khanda: kubereka ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka.

Chifukwa cha ichi tikupempha kuti mlaga uliwonse ubzale mitengo yokhayo imene ungathe kuilera, ngakhale ikhale khumi, ndipo uyambire pafupi: pabwalo la tchalitchi, kumanda, m'mbali mwa mtsinje ndi pakhomo. Pakhomo mango, mapeyala ndi magwafa ndi abwino, pakuti mtengo wopatsa ana zipatso munthu saufulumira ndi nkhwangwa. M'mphepete mwa mitsinje muyenera mbawa ndi nsungwi, osati bulugamu, amene amamwa madzi ambiri. Mtengo uliwonse ukhale ndi mayi wake woutchingira ndi minga, woulambulira moto usanafike, ndi wouthirira madzi otsukira mbale m'chilimwe. Alembi a milaga alembe maina m'buku lomwe lija timalembamo odwala ndi ofedwa, ndipo pa msonkhano wa mu Okutobala tidzawerenge imene yatsala yamoyo.