Ng'oma ya kwathu m'nyimbo zatsopano: mbiri yoyambira ku Embangweni

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Munthu akamva woyimba wa masiku ano akusakaniza gitala ndi ng'oma ya vimbuza, kapena akuyimba jazz m'Chitumbuka, angaganize kuti nzeru imeneyi ndi ya dzulodzuloli. Komatu mbewu yake idafesedwa kalekale m'boma la Mzimba, ndipo umodzi mwa minda imene idamera bwino ndi Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku.

Angoni adawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Atakhazikika ku Mzimba pansi pa M'mbelwa, adali ndi chuma chimene sichilemera ponyamula, ndicho nyimbo. Adali nazo za ingoma, za ukwati, za maliro ndi zotamanda mafumu. Mmodzi ankatsogolera, khamu nkumavomera, mapazi akugunda pansi.

Amishoni a Livingstonia atafika, ena mwa iwo adaona magule ngati zachikunja. M'sukulu ndi m'matchalitchi ambiri ankayimba nyimbo za ku Scotland zongotembenuzidwa mawu. Koma M'busa Donald Fraser, amene adatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, adamva ndi khutu lina. Iye adalimbikitsa Akhristu achingoni ndi achitumbuka kupeka nyimbo zawozawo pa mayimbidwe a makolo. Pa misonkhano ikuluikulu ya Mgonero, anthu zikwizikwi ankasonkhana kwa masiku angapo, ndipo magulu ochokera m'midzi ankapikisana ndi nyimbo zatsopano. Yokoma inkabwerera kumudzi ili pakamwa pa aliyense. Wailesi kudalibe, msonkhano ndiwo udali wailesi.

Mwa opeka nyimbo otchuka a nthawi imeneyo mudali Mawelera Tembo, mwana wa sing'anga, amene adabatizidwa ku Njuyu m'chaka cha 1890. Mudalinso Peter Thole ndi Charles Chidongo Chinula. Nyimbo zawo zidalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Mbiri ya Chinula ili ndi phunziro lake. Adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1925, koma pambuyo pake adasiyana ndi mishoni, nayambitsa mpingo wake m'chaka cha 1934. Ngakhale zidatero, mpingo umene adausiya sudasiye nyimbo zake. Mwini nyimbo adatuluka pakhomo, nyimbo zidatsala m'nyumba. Naye Fraser, atamwalira ku Scotland m'chaka cha 1933, phulusa la thupi lake lidadzayikidwa ku Embangweni komweko.

Padapita zaka, galamafoni ndi wailesi zidafika, ndipo achinyamata adatembenukira ku nyimbo za ku Johannesburg, ku Congo ndi ku America. Funso lija lidabweranso m'chovala china: kodi woyimba atsanzire za eni ake, kapena atunge pachitsime cha kwawo? Ku Chileka, abale awiri Daniel ndi Donald Kachamba adatenga kwela wa ku South Africa namupatsa kakomedwe ka kumudzi kwawo. Kumpoto, yankho lomveka koposa lidachokera kwa Wambali Mkandawire.

Wambali adabadwira ku Congo m'chaka cha 1952, makolo ake ali a ku Mlowe m'boma la Rumphi. Ali mnyamata adayimba nyimbo za rock m'gulu la Sounds Pentagon ku Blantyre. Atadzipereka pa Chikhristu, adabwerera ku mayimbidwe a kwawo, nawalumikiza ndi jazz. Chimbale chake cha Zani Muwone, chimene chidatuluka m'chaka cha 2002, chidamutchukitsa mpaka kunja kwa dziko lino, chonsecho nyimbo zake zambiri adaziyimba m'Chitumbuka. Anthu ankamutcha Mtebeti, kutanthauza mtumiki. Adamwalira pa 31 Januwale 2021. Ntchito yake idali yomwe ija ya Tembo, Thole ndi Chinula: uthenga wa chikhulupiriro pa mayimbidwe a makolo. Zida zokha ndizo zidasintha.

Achinyamata a ku Mzuzu a gulu la Body, Mind and Soul adaponda m'mapazi omwewo. Iwo adatenga kagundidwe ka vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira m'chaka cha 2005, nakasakaniza ndi jazz, ndipo mayimbidwe awowo adawatcha voodjazz. Ng'oma imene kale inkanyozedwa idawafikitsa mpaka ku Ulaya.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Palibe cholakwika kuti mdzukulu aphunzire reggae, hip hop kapena amapiano. Choopsa nchakuti okalamba odziwa nyimbo za ingoma ndi za ukwati akutha mmodzimmodzi, ndipo nyimbo imene sidalembedwe kapena kujambulidwa imalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Mwambo wa Umthetho pa phiri la Hora umachitika kamodzi pa chaka, koma agogo ali pakhonde tsiku lililonse. Mdzukulu wokhala ndi foni m'manja akhale nawo pansi, awapemphe nyimbo imodzi, aijambule, afunsenso tanthauzo lake. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina amene adawasunga.