KUPATUKA SI KUFA: BALAKA, MACHINGA NDI MPIRA WA M'MAKOLEJI A KU AMERICA

Anthu a ku Phalula, Utale ndi Kankao amene lero ali ndi imvi akukumbukira bwino masiku aja nkhani ya kwa DC inali ulendo wofuna kamba. Munthu ukafuna chidindo cha boma umakwera basi mpaka pa Liwonde, kuoloka Shire pa baraji, n'kupitirira ndi msewu wa ku Zomba mpaka pa Machinga boma, paja makolo ankati pa Kasupe. Ukapeza bwana watuluka, basi tsiku lapita, ndalama yapitanso.

M'chaka cha 1998, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweko, boma lija linagawidwa pawiri ndipo Balaka anaima payekha. Shire amene anali mtsinje wa pakati pa mudzi umodzi anasanduka malire.

Koma taonani, awerengi, mmene malire amanamizira. Pa za ulimi Balaka akadali pansi pa Machinga ADD. Pa za maphunziro ali pamodzi ndi Zomba, Machinga ndi Mangochi. Akatolika a ku Balaka bishopu wawo ali ku Mangochi. Sitima nayo sidziwa za DC: njanji yopita ku Nacala imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970 imachokera pa Nkaya ku Balaka, kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi ku Machinga. Funso lakuti ndani akhale ndi yani, ndipo chifukwa chiyani, silinathe ndi chidindo cha 1998.

Funso lomweli lavutitsa anthu kutali kwambiri ndi kuno, m'masukulu aukachenjede a ku America. Mbiri yawo ili ndi phunziro kwa ife.

Ligi yobadwira basketball

Ku America masewero a m'makoleji si zachibwana ngati za pa Lachisanu masana. Ndi bizinesi ya mamiliyoni a madola. Makoleji amagwirizana m'magulumagulu, tinene kuti maligi, n'kumagulitsa masewero awo ku wailesi zakanema. Masewero aakulu ndi awiri: basketball, ndi mpira wina umene eni ake amautcha football ngakhale amaunyamula m'manja, uja amavala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Ife tiutche mpira wa zisoti.

M'chaka cha 1979 mkulu wina wa pa koleji ya Providence, Dave Gavitt, anasonkhanitsa makoleji 7 a m'mizinda ya kummawa kwa dzikolo: Providence, Georgetown, St. John's, Seton Hall, Syracuse, Connecticut ndi Boston College. Villanova inalowa mu 1980, Pittsburgh mu 1982. Ligiyo anaitcha Big East, ndipo chimene chinawalumikiza chinali chimodzi basi: basketball.

Gavitt anali ndi maso. Chaka chomwecho cha 1979 kunabadwa kanema wa zamasewero wa ESPN, amene ankasowa choonetsa madzulo a nyengo yozizira. Ligi yatsopano ndi kanema watsopano analerana. Kuyambira 1983 mpikisano wotsiriza wa ligiyi unkachitikira m'bwalo la Madison Square Garden ku New York, pamene dziko lonse limaponya maso.

Zipatso sizinachedwe. Mu 1984 Georgetown inatenga chikho cha dziko lonse, ndipo mphunzitsi wake John Thompson anakhala munthu wakuda woyamba kutero. Mu 1985, mwa matimu 4 amene anafika mu ndime yachiwiri kwa yotsiriza, 3 anali a Big East, ndipo pomaliza Villanova inagonjetsa Georgetown 66 kwa 64.

Ife a ku Africa ligiyi tili nayo chibale. Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anapita ku Georgetown ndi maganizo odzakhala dokotala, anatchukira mu ligi yomweyi asanapite ku NBA mu 1991. Udokotala sanaupeze, koma mu 2007 anatsegula chipatala kwawo n'kuchitcha dzina la mayi ake. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, apa pafupi pomwepa, anasewerera Connecticut ndipo mu 2009 anasankhidwa wachiwiri pa achinyamata onse olowa NBA.

Mlendo anadza ndi kalumo kakuthwa

Vuto linali m'nyumba momwemo kuyambira pachiyambi. Ena mwa makolejiwa, monga Syracuse, Pittsburgh ndi Boston College, analinso ndi matimu aakulu a mpira wa zisoti, ndipo ndalama zenizeni ku America zili kumeneko. Ambiri mwa enawo anali makoleji ang'onoang'ono a Katolika, a m'kati mwa mizinda, opanda mabwalo aakulu. Poopa kuti anzawo athawa, ligi inavomera mu 1991 kuyambitsa mpira wa zisoti. Inaitana Miami, koleji ya kumwera kwenikweni, ndi ena monga Virginia Tech, West Virginia ndi Rutgers.

Kuyambira pamenepo Big East inakhala ngati banja la mitala. Msonkhano uliwonse unali wa nyumba ziwiri: ya zisoti ikufuna ndalama za kanema, ya basketball ikufuna mwambo wake. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akuluakulu.

Mu 2004 Miami ndi Virginia Tech anasamukira ku ligi ya ACC kotsata ndalama. Boston College, mmodzi mwa oyambitsa, anatsatira mu 2005. Ligi inatseka ming'aluyo poitana Louisville, Cincinnati, South Florida, Marquette ndi DePaul, matimu n'kukwana 16. Kunja zinkaoneka bwino zedi: mu 2011 matimu 11 a Big East analowa mu mpikisano wa dziko lonse, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo Connecticut inatenga chikho. Koma chinali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chaka chomwecho ligi inakana mgwirizano ndi ESPN wa ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola, poganiza kuti kutsogolo kuli zonona zoposa apo. Mu September 2011 Syracuse ndi Pittsburgh analengeza kuti akupita ku ACC. Nkhaniyi inamveka masiku omwewo amene Dave Gavitt anamwalira. West Virginia inachoka mu 2012. Pofuna kupulumutsa mpira wa zisoti, akuluakulu a ligi anayamba kuitana aliyense, mpaka San Diego State, koleji ya m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, kumadzulo kwenikweni. Ligi yotchedwa ya kummawa! Zili ngati ligi ya Ntaja ndi Nselema iitane timu ya ku Chitipa kuti izibwera Loweruka lililonse.

Asanu ndi awiri anati basi

Mu December 2012 makoleji 7 a Katolika anatopa: Georgetown, Villanova, St. John's, Seton Hall, Providence, Marquette ndi DePaul. Anati ife tabwerera ku chimene tinabadwira. Ambiri anawaseka. Ati ligi yopanda mpira wa zisoti idya chiyani?

Koma anthuwa sanatuluke chimanjamanja. Pokambirana za kugawana chuma, anasiyira anzawo gawo lalikulu la ndalama za m'thumba la ligi, iwo n'kutenga zinthu ziwiri: dzina lakuti Big East ndi bwalo la Madison Square Garden. Otsalawo anayenera kupeza dzina lina, American Athletic Conference. Pa 1 July 2013 Big East yatsopano inayamba ndi matimu 10, ataonjezerapo Butler, Creighton ndi Xavier. Kanema wa Fox anawapatsa mgwirizano wa zaka 12 wa madola pafupifupi 500 miliyoni. Anasankha mayi, Val Ackerman, kukhala mtsogoleri.

Oseka aja anasowa chonena. Villanova inatenga chikho cha dziko mu 2016 ndi mu 2018. Connecticut, imene inatsalira kwa a zisoti, inabwerera kumudzi mu 2020, ndipo inatenga chikho mu 2023 ndi 2024. Pamene othawa aja, Syracuse, Pittsburgh ndi Boston College, ndalama anazipeza ndithu, koma ulemerero wa basketball umene anali nawo m'masiku a Big East unazilala.

Kwina konse chipwirikiti chinapitirira. Mu 2024 ligi yakale ya kumadzulo, Pac-12, inapasuka, makoleji 10 mwa 12 atathawa. Stanford ndi California, a m'mphepete mwa Pacific, analowa ligi ya m'mphepete mwa Atlantic. Mwana wasukulu amauluka makilomita oposa 4,000 kukasewera mpira umodzi, mawa lake akufunika m'kalasi. Anagamula zimenezi ndi a mpira wa zisoti. Osenza mtolo ndi ana a basketball, volleyball ndi masewero ena amene sanafunsidwe n'komwe.

Tisanamizane, komabe. Kupatuka sikunalemeretse Big East kufika pa anzawo. Maligi a zisoti amalandira ndalama zochuluka kwambiri kuposa iwo, ndipo mu 2025 ligi ya SEC inalowetsa matimu 14 mu mpikisano wa dziko, kuphwanya mbiri ya 2011 ija. Chimene asanu ndi awiri aja anagula si chuma. Anagula ufulu wodzigamulira okha, ndi adani a pafupi amene ochemerera amawadziwa.

Nanga kwathu kuno?

Kusamuka kwa magulu ifenso takuona. Mu 1986 matimu aakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe anachoka m'maligi a m'zigawo zawo kukayambitsa Super League, ang'onoang'ono n'kutsala akuyang'anana. University of Malawi imene inatsegulidwa mu 1965 ngati ambulera imodzi inayamba kugawika pamene Bunda inachoka mu 2012, ndipo mu 2021 Poly, Chanco ndi makoleji a zaumoyo anapita aliyense njira yake. Nthawi zonse funso limakhala lomwe lija la ku Balaka: kodi m'nyumba yaikuluyi mawu anga akumveka?

Pa zamasewero, mpira wathu wa zisoti ndi mpira wamiyendo. Ndiwo umadya ndalama za makampani, ndiwo umadzaza masamba a kumbuyo a nyuzipepala, ndiwo aphungu amagulira zikho chisankho chikayandikira. Koma amene atikweza pa dziko lonse ndani? Ndi atsikana a ntchemberembaye. Ma Queens anakhala pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007, ndipo mu 2018 ku Gold Coast anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Mwawi Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015. Zonsezi anazichita akukonzekera pa mabwalo a panja, dzuwa ndi mvula zili pamutu.

Basketball ndiye mwana wamasiye weniweni. Moyo wake uli ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndi m'masukulu ochepa amene amishoni kapena boma anawamangira bwalo la simenti. Mnyamata wamtali wa ku Ulongwe kapena mtsikana wa ku Nsanama, ngakhale atakhala ndi manja a Mutombo, adzaonedwa ndi yani? Timu ya sukulu ikafuna mpikisano weniweni imayenera kupeza ndalama ya minibasi yopita ku Blantyre, ndipo thumba la zamasewero la pasukulu aliyense akudziwa kuti limayamba lapita ku mpira wamiyendo.

Apa ndi pamene mbiri ya Big East ikutilankhula. Gavitt sanayambe ndi ndalama. Anayamba ndi masukulu oyandikana, okonda chinthu chimodzi, amene ochemerera awo ankatha kuyenderana. Balaka, Liwonde, Machinga boma, Ntaja, Ulongwe ndi Zomba ndi malo olumikizana ndi tara, ulendo wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Muli masekondale, muli koleji ya aphunzitsi ya Machinga, pafupi pomwepo pali Domasi ndi Chanco. Ligi ya masewero a m'manja okhaokha, basketball ndi ntchemberembaye, yokhala ndi komiti yake, buku lake la ndalama ndi tsiku lake losawombana ndi mpira wamiyendo, si maloto a chumba ayi. Malire a 1998 sangaletse. Paja taona kale kuti ulimi, sukulu, tchalitchi ndi njanji siziwawerengera.

Ndipo Balaka safunika kuphunzitsidwa ndi Azungu za kugwira chinthu chimodzi mwamphamvu. Mu 1978 pa parishi ya Katolika pamenepo panabadwa Alleluya Band. Tauni yafumbi ya pa siteshoni, yopanda wailesi, yopanda mahotela a ku Blantyre, inasankha nyimbo n'kukakamira pomwepo. Pofika m'ma 1990 a Paul Banda, malemu Lucius Banda ndi anzawo anali atasandutsa Balaka likulu la nyimbo za dziko lino, moti a m'mizinda ndiwo ankakwera basi kukajambulitsa kumeneko. Anayamba ndi zida zochepa, malo okumanirana ndi akuluakulu amene sanatope.

Chenjezo lokha ndi ili: walira mvula walira matope. Asanu ndi awiri aja anatuluka ali ndi dzina, bwalo ndi wogula masewero awo. Opatuka opanda zitatuzi amangosintha malo ovutikira. Ofuna ligi yotere kuno ayambe apeza bwalo limodzi labwino, sitolo kapena kampani imodzi yokhulupirika, ndi msungichuma amene saopa kuwerenga malisiti pagulu. Akatero asamale tsiku limene wina adzabwere ndi chikwama n'kunena kuti tiyeni tiphatikizepo mpira wamiyendo kuti zikule. Big East inavomera mawu amenewo mu 1991, ndipo inatha zaka 22 isanapezenso njira ya kwawo.