Kucokera pa Limba Kufika pa Kiyibodi

Pafupifupi gulu lililonse la acinyamata muno mu Kabwe, kaya ku Bwacha, ku Makululu, ku Chowa kapena ku Katondo, lili ndi kabuku kamene msungicuma analembamo mutu wakuti "Thumba la Kiyibodi". Ndalama za m'thumba limeneli zimabwera ndi thukuta. Ena amakazinga zitumbuwa, ena amalima maganyu, ena amayenda khomo ndi khomo kwa akulu a mpingo. Tsiku logula likafika timatuma anthu awiri ku Lusaka, ndipo kawirikawiri amabwerako ndi cimene cinali kunyezimira koposa m'sitolo. Ndisanakuuzeni zoyenera kuyang'ana, ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, pakuti coimbira cimeneci cili ndi makolo ake, ndipo wodziwa makolowo sanamizidwa msanga ndi wogulitsa.

Kholo loyamba ndi piyano. Ca m'ma 1700, mu mzinda wa Florence ku Italy, munali mmisiri wina dzina lake Bartolomeo Cristofori. Zoimbira za makiyi zinalipo kale iye asanabadwe, koma zambiri zinali ndi cilema cimodzi. Ungakhudze kiyi pang'ono, ungaimenye ndi mphamvu, mau anali kutuluka cimodzimodzi. Cristofori anaikamo tinyundo tomenya zingwe, kotero kuti cala cikafewa mau anali kufewa, cikalimba mau anali kukwera. Dzina lakuti piyano ndi cidule ca mau a Citaliyana otanthauza "motsitsa ndi mokweza". Mfundo iyi muisunge, tidzakumana nayonso m'sitolo.

Koma piyano siinayende m'midzi ya kuno. Ndi yolemera, ndipo zingwe zake zimamasuka ndi kutentha ndi kugwedezeka kwa pa ulendo. Cimene amishoni anabwera naco ndi limba lopopa ndi mapazi, lija agogo athu amalikumbukira. M'zaka za m'ma 1840 Alexandre Debain wa ku Paris anapanga limba la mtundu umenewu nalicha harmonium. M'kati mwake muli timalilime ta citsulo timene timalira mphepo ikadutsa, ndipo mphepoyo imacokera mu mvukuto umene woimba amapopa ndi mapazi, monga acitira wosula makasu. Silifuna magetsi. Ena anali opinda ngati bokosi, amtengatenga nkumawasenza pamutu.

Musaganize kuti limba linalandiridwa ndi manja awiri. Ku Scotland, kwao kwa David Livingstone, mipingo ya Cipresibeteriya inakhala zaka mazana ikuimba ndi pakamwa pokha, ndipo pamene mbusa wina wa mu Edinburgh analowetsa limba m'chalichi m'zaka za m'ma 1860, panabuka mkangano waukulu. Tsono mkulu wa mpingo akakwinya nkhope poona kiyibodi yanu, musamuyese munthu wacilendo. Mkanganowu ndi wakale kuposa iye.

Ngakhale zinali conco, mipingo yambiri ya kuno inalibe limba nkomwe. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika pa Magwero mu 1899, nyimbo za Cinyanja zinafalikira m'midzi ya kum'mawa kudzera mwa aphunzitsi, ndipo cida cao cinali solofa, do re mi uja, amene John Curwen anamufalitsa ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Mphunzitsi anali kupereka liu loyamba, anthu nkugawana okha mau anai. Ng'oma, kalimba ndi silimba zinali kutsala kunja kwa chalichi, cifukwa amishoni ambiri anaziona ngati za magule ndi za mizimu.

Nyimbo zimenezi zinafika muno pamodzi ndi anthu ofuna nchito. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalo ano, nawacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Amuna anabwera kucokera ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi kumpoto, wina ndi buku la nyimbo m'thumba, wina nyimbozo zili pamtima. Mu 1925 anatsegula damu la Mulungushi lopangira magetsi, koma magetsiwo anali a makina a mgodi. M'makomboni anthu anapitiriza kuimba monga anali kuimbira kwao, popanda waya uliwonse. Dzina lakuti Kabwe linabwerera mu 1966, ufulu utabwera kale.

M'zaka zomwezo za ufulu ng'oma inayamba kulowa m'nyumba ya Mulungu. Mu 1963 msonkhano waukulu wa Akatolika, Vatican II, unalamula kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zipatsidwe ulemu ndi malo m'mapemphero, ndipo mipingo inanso inatsegula zitseko, ina msanga, ina mokokedwa. Makwaya a acinyamata anayamba kupeka nyimbo zaozao, ndi ng'oma, ndi visekese, ndi kuomba m'manja.

Tsopano tiolokere ku Japan, kumene kiyibodi yathu inabadwira. Mu 1887 sukulu ina ya mu mzinda wa Hamamatsu inali ndi limba lowonongeka, ndipo anaitana mmisiri wokonza mawochi ndi zipangizo za m'cipatala, Torakusu Yamaha, kuti alione. Analikonza, kenaka anapanga lakelake. Conco dzina limene mumaliwerenga pa makiyibodi ambiri a m'machalichi athu linayambira pa limba lopopa ndi mapazi lomwe lija. Kampani ya Casio inali yodziwika ndi makakyuleta ndi mawochi, koma mu 1980 inatulutsa Casiotone 201, kiyibodi yopepuka yoti munthu wamba angaigule ndi kuinyamula. Yamaha nayo inatulutsa makiyibodi ang'onoang'ono ochedwa PortaSound, kenaka mtundu wa PSR.

Cimene cinakopa anthu ndi cakuti tizipangizo timeneti tinali kudziimbira tokha ng'oma ndi besi. Pali nkhani yoona imene ionetsa mphamvu yake. Mu 1981 Casio inatulutsa kakiyibodi ka makiyi ang'onoang'ono kochedwa MT-40. Kamvekedwe kena ka ng'oma ndi besi m'katimo kanapekedwa ndi mtsikana wa ku Japan, Okuda Hiroko, amene anali atangoyamba nchito pa kampaniyo. Kakiyibodi kamodzi kanafika ku Jamaica, m'manja mwa anyamata awiri, Noel Davey ndi Wayne Smith. Iwo anatenga kamvekedwe kaja, ndipo mu 1985 inatuluka nyimbo yochedwa Under Mi Sleng Teng, imene inasintha kajambulidwe ka nyimbo za reggae. Nyimbo zina mazanamazana zinaimbidwa pa kamvekedwe komweko. Nkhaniyi imandisangalatsa, komanso imandiopsa. Kabokosi kamodzi kanagwira nchito ya gulu lathunthu, ndipo oimba besi ndi ng'oma ambiri anaona nchito yao ikucepa.

Kuno kwathu kiyibodi inafala m'zaka za m'ma 1990. Boma litasintha mu 1991, katundu wakunja anayamba kulowa mosavuta. Pa 29 December caka comweco Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mipingo yatsopano inaculuka, yambiri yosonkhana m'makalasi a sukulu. Mu 1994 mgodi wa Kabwe unatsekedwa. Mpingo wa anthu ocotsedwa nchito sukanatha kugula magitala, ng'oma za cizungu ndi zokuzira mau zonse, koma kiyibodi imodzi ndi mnyamata mmodzi zinali kukwanira. Mipingo yakale, poona acinyamata ao akukokedwa ndi phokosolo, nayonso inayamba kusonkha.

Ine sindili mdani wa kiyibodi, ndimaiimba Sondo iliyonse. Koma tiyeni tinene zoona. Limba linali kutsatira anthu. Amai acikulire akakoka mzere wa nyimbo, wopopa anali kuwadikira. Ng'oma ya m'kiyibodi sidikira munthu. Ikayamba, mpingo wonse uyenera kuithamangira, ndipo nyimbo ya pa Mgonero imene makolo anali kuiimba ndi misozi imasanduka ya pa ukwati. Ndaonapo agogo atatseka buku la nyimbo ndi kungokhala cete, pamene ife kutsogolo tikuyesa kuti zikuyenda bwino. Mau anai aja a solofa akucepa m'makwaya ena, cifukwa nkovuta kumva mnzako pamene sipika ikulira m'khutu.

Nkhani ya kusankha iyambire pamenepa. Gulu lathu linagulapo kiyibodi kwa wogulitsa wina mu Lusaka. Inali ndi timagetsi tothwanima, maikolofoni yaulere, ndi dzina lofanana pang'ono ndi la kampani yodziwika, cilembo cimodzi cokha cosiyana. Ndine ndinaiyamikira pamaso pa komiti. Isanathe miyezi inai, makiyi atatu a pakati anasiya kulira, ndipo sitinapeze mmisiri wokhala ndi zoikamo zake. Ndalama za zitumbuwa za caka cathunthu zinathera pomwepo, ndipo kuima pamaso pa amai a cigwirizano kufotokoza zimenezi sikunali kokoma.

Coyamba werengani makiyi. Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, koma woyamba kuphunzira akwanira ndi 61. Ya makiyi 49 kapena ocepera apo idzakupanikizani mukayamba kuimba ndi manja awiri. Makiyiwo akhale a msinkhu wa piyano. Timakiyi tating'ono ndi ta ana, ndipo zala zozolowera pamenepo zimasocera pa kiyibodi ya ku chalichi.

Caciwiri ndico cija ca Cristofori, ndipo kwa ine ndico cacikulu. Pa bokosi amalemba kuti touch response. Musakhulupirire bokosi. Khudzani kiyi imodzi pang'ono, kenaka muimenye. Mau akatuluka cimodzimodzi, mukugula coimbira cobwerera m'mbuyo zaka mazana atatu. Mwacitsanzo, Yamaha PSR-E273 ndi Casio CT-S200 zilibe, pamene PSR-E373 ndi CT-S300 zili nayo, ngakhale maonekedwe ao sasiyana kwambiri. Mtengo umakwera pang'ono, koma kuli bwino kusonkhanso mwezi umodzi. Popanda cimeneci simungatsike pamene abusa akupemphera, kapena pamene mwana wa Sande sukulu akuimba yekha, koma kungothamangira kokhotetsa voliyumu.

Za kuculuka kwa mau ndi za ng'oma za m'katimo musataye nazo nthawi. Wogulitsa adzakuuzani kuti muli mau mazana anai. M'chalichi mudzagwiritsa nchito atatu kapena anai. Mverani liu la piyano ndi la limba, mukakhutira nawo basi.

Magetsi ndiye muwaganizire bwino. Tonse tikukumbukira 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Makiyibodi ambiri ang'onoang'ono amalowa mabatire 6 a AA, ndipo yotere idzakutumikirani ku maliro, ku msasa wa acinyamata ndi ku mipingo ya kumidzi ya ku Chibombo kapena ku Kapiri Mposhi. Adaputa ikhale yakeyake. Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri a Yamaha amafuna mavoti 12, ambiri a Casio a mtundu wa CT-S mavoti 9.5, ndipo kubwereka adaputa ya mnzako cifukwa cakuti kamutu kake kalowa ndiyo njira yacidule yowochera kiyibodi. Onaninso kumbuyo ngati kuli polowetsa mahedifoni, kuti muziphunzira usiku osadzutsa nyumba, ndi polowetsa copondera cokokera mau.

Kugula yogwiritsidwapo kale nchito si cimo, ndipo yakale ya kampani yodziwika imaposa yatsopano yopanda mwini. Koma muimbe kiyi iliyonse, yoyera ndi yakuda, kucokera kumanzere mpaka kumanja. Tsegulani momwe mulowa mabatire muone ngati mulibe dzimbiri. Gwedezani waya wa adaputa kiyibodi ikuyaka, muone ngati sizima. Wogulitsa akakana kuti muyese, perekani moni mucoke. Ndipo potuma anthu ku sitolo, mmodzi akhale wodziwa kuimba, wina akhale msungicuma, ndipo abwere ndi lisiti.

Patsala kabatani kamodzi kamene mudzakapeza pa kiyibodi iliyonse, kolembedwa transpose. Kamakweza kapena kutsitsa mau onse pamodzi, kotero kuti munthu wodziwa kiyi imodzi yokha, kaya C kaya F sharp imene anyamata ambiri amayambira, angaimbe nayo nyimbo zonse. Kamathandiza pamene woyambitsa nyimbo wayambira pamwamba. Koma ndikudziwa anzanga amene akhala zaka zisanu pa kiyi imodzi cifukwa ca kabatani kameneka, ndipo tsiku limene anaitanidwa kuimba pa piyano yeniyeni ku ukwati anangoti manja akuwawa. M'gulu lathu tinapangana kuti pophunzira pa Ciwiri ndi pa Cisanu palibe wokhudza transpose kapena ng'oma za m'katimo. Timatenga nyimbo imodzi ya m'buku, kwaya iimba mau anai, ndipo wa pa kiyibodi atsatira pambuyo, mwezi uno mu F, mwezi wamawa mu G.